Kashiya Sanabe Ndalama: Nkhani ya Malisiti Olowa Kawiri mu Database ya SACCO Ina

Amanijala a SACCO ina ya m'chigawo chapakati anandiimbira foni Lolemba m'mawa, koma sankafuna kuti ndikawakonzere pulogalamu. Ankafuna umboni. Kashiya wawo anali ataimitsidwa ntchito Lachisanu lapitalo chifukwa kwa miyezi itatu yotsatizana ndalama za m'kabati zinkaperewera poyerekeza ndi zimene kompyuta inkanena kuti walandira. Bodi inali itagamula kale mumtima kuti mayiyu akuba, kungoti wapampando anati nkhani isanafike kupolisi pabwere munthu wodziwa makompyuta adzasindikize zonse zimene mayiyo analowetsa. "Achimwene, inu mungotitulutsira mapepalawo, zinazo tiona tokha," anatero amanijala.

Sinditchula dzina la bungweli kapena la munthu aliyense. Ndalemba nkhaniyi chifukwa cha anzanga amene timasamalira mapulogalamu olembedwa ndi anthu ena, ndiponso chifukwa pena pake ndinalakwitsa ndine.

Mmene ntchito inkayendera

Pulogalamuyi inalembedwa zaka zingapo m'mbuyomo ndi mnyamata wina atangomaliza koleji, ndipo panthawi ya nkhaniyi n'kuti iye ali ku Joni. Inalembedwa mu PHP 5.6, chinenero cholembera mapulogalamu, ndipo zonse inkasunga mu database, nkhokwe ya mabuku a mu kompyuta, ya MySQL 5.7, pa seva (kompyuta yosunga pulogalamuyo) ya Linux yobwereka kunja kwa dziko lino. Ofesi inkalumikizana nayo kudzera pa karauta ka simu khadi kamene kankakhala pawindo. Membala akabwera kudzasunga ndalama kapena kubweza ngongole, kashiya ankawerenga ndalamazo, n'kulemba lisiti la pamanja m'buku lija la kaboni, kenako n'kulowetsa mu kompyuta. Mamembala ambiri ndi aphunzitsi ndi ena ogwira ntchito m'boma, choncho mzere umatalika malipiro akatuluka kumapeto kwa mwezi, masiku enawo mu ofesi mumakhala zii.

Bodi inali ndi mfundo zitatu zomunenera mayiyu. Ndalama zinkasowa masiku a kumapeto kwa mwezi okhaokha, pamene m'kabati mwadzaza. Palibe membala amene anabwera kudzadandaula kuti buku lake lalakwika. Komanso manambala a malisiti a mu kompyuta ankadumphadumpha, ngati pali wina amene akufufuta zinthu. Kunena zoona, inenso nditamva zitatuzi ndinaganiza ngati iwo.

Tsiku loyamba

Sindikhudza database ya eni ake ndisanatenge kope. Ndinadikira kuti aweruke, n'kuchita mysqldump, lamulo lokopera database yonse mu fayilo, usiku, n'kuika kopelo pa laputopu yanga. Mu fayiloyo ndinaona mawu akuti ENGINE=MyISAM, dzina la injini imene MySQL inkasungira mizere, pansi pa tebulo lililonse. Ndinangoti "zakale izi," n'kupitirira.

M'malo mongosindikiza zonse monga anandiuzira, ndinayamba ndafunsa database ngati pali membala amene analipira ndalama zofanana kawiri tsiku limodzi:

SELECT member_id, amount, DATE(created_at), COUNT(*) FROM payments GROUP BY 1, 2, 3 HAVING COUNT(*) > 1;

Panatuluka mizere yambiri, ndipo pafupifupi yonse inali ya masiku omwe aja ndalama zinaperewera. Mizere iwiriiwiri yofanana chilichonse, yosiyana nambala ya lisiti ndi masekondi ochepa basi. Nambala ya lisiti inkachokera ku AUTO_INCREMENT, imene imapereka yokha nambala yotsatira pa mzere uliwonse watsopano, ndiye mzere wachiwiri unkalandira nambala yakeyake n'kumaoneka ngati malipiro enieni. Lipoti la tsiku limene amanijala ankaona linkangosonyeza chiwerengero chonse cha kashiya, osati mzere uliwonse, n'chifukwa chake panalibe amene anazindikira. Mu access log ya Apache, mmene seva imalemba pempho lililonse lobwera, munalinso chimodzimodzi: POST iwiri, kutanthauza fomu yotumizidwa kawiri, yopita patsamba limodzi, kuchokera pa kompyuta imodzi, motsatizana. Nditaphatikiza ndalama za mizere yobwerezayo, zinatsala pang'ono kufanana ndi ndalama zonse zimene ankati zabedwa.

Ndinauza amanijala kuti wakuba amafuna kompyuta inene zochepa kuti chotsalacho alowetse m'thumba, sangaionjezere dala kuti adzikole yekha. Iwo anayankha mwanzeru ndithu: "Nanga ngati ankalowetsa kawiri kuti abale ake akhale ndi ndalama zambiri m'mabuku, adzagawane mawa?" Funso limeneli linali loyenera, ndipo ndi limene linanditsegulira nkhani yonse. Balansi ya membala inkasungidwa payokha mu tebulo la members. Nditaiyerekeza ndi zonse zimene membalayo analipira mu tebulo la payments, ndinapeza kuti malisiti obwerezawo ali mitundu iwiri. Ambiri mwa iwo, lisiti linalowa kawiri koma balansi inakwera kamodzi kokha. Ochepa, lisiti linalowa kawiri ndipo balansi nayo inakwera kawiri. Mtundu woyambawo sunapindulire aliyense, ndipo ndi chifukwa chake mamembala sankadandaula: mabuku awo anali olondola. A mtundu wachiwiri anali anthu osiyanasiyana, ochokera m'masukulu otalikirana, opanda chibale ndi kashiya.

Apa ndinayenera kuima n'kudzifunsa kuti code imodzimodzi ingatulutse bwanji zotsatira ziwiri zosiyana. Sindinaime.

Batani limene ndinatseka pachabe

Ndinati vuto ndi kudina kawiri. Ndinalemba timizere titatu ta JavaScript toti batani la Save lizime munthu akangolidina, n'kuuza amanijala kuti zatheka, n'kubwerera kwathu. Bodi sinakhutire. Inati mayiyo akhalebe kunyumba mpaka aone mmene mwezi wotsatira uthere, ndipo pakauntala anaikapo mnyamata amene ankathandiza akauntanti.

Mwezi utatha, mnyamatayo nayenso ndalama zake zinaperewera.

Kwa mayi uja zimenezi zinali chipulumutso, chifukwa sizikanatheka kuti abe ali kunyumba. Kwa ine zinali manyazi. Nditamufunsa mnyamatayo pafoni, anati: "Bwana, ndikadina kamangozungulira, batani lazima, anthu pamzere ayamba kulalata. Ndiye ndimadina F5, fomu ibwere yopanda kanthu, ndilembenso." Sindikanamuimba mlandu. Munthu ali ndi aphunzitsi makumi awiri kutsogolo kwake, ena achokera kutali pa kabaza, sangakhale akuyang'ana kachizindikiro kozungulira mphindi yathunthu osadziwa ngati ndalama zalowa kapena ayi. Chimene ndinatseka chinali njira imodzi yotumizira pempho kachiwiri, koma seva inkalandirabe pempho lililonse lobwera ngati latsopano. Ndipo chifukwa chimene tsambalo linkazungulirira ndinali ndisanachifufuze n'komwe. Ndinangoti ndi netiweki, monga timanenera tonse.

Kukhala pa ofesi kumapeto kwa mwezi

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwezi wotsatira ndinapita ndekha, n'kukhala pakona ya ofesi kuyambira m'mawa, laputopu pamiyendo, ndikubwereza SHOW FULL PROCESSLIST masekondi angapo alionse kuti ndione zimene database ikuchita. Ndinayatsanso slow query log, imene imalemba mafunso ochedwa kuyankhidwa, n'kutsitsa long_query_time kuchoka pa masekondi 10 amene MySQL imabwera nawo kufika pa 2. Maola awiri oyamba zonse zinkayenda bwino ngakhale mzere unali utafika pakhonde, ndipo netiweki inalibe vuto.

Cha m'ma 10 koloko akauntanti, ali m'chipinda chawo, anatsegula lipoti la anthu amene atsalira kubweza ngongole. Pa sikirini yanga panabwera SELECT wamtali, lamulo lowerenga tebulo, amene anangokhala pomwepo, masekondi akuwerengeka kupitirira 60. Pansi pake panabwera INSERT wa kashiya, lamulo lolowetsa mzere watsopano, pambali pake palembedwa kuti Waiting for table level lock. Ndinadzutsa mutu n'kuona mnyamata uja akugogoda tebulo ndi cholembera. Kenako anadina F5, n'kulembanso, ndipo pa sikirini yanga panabwera INSERT wachiwiri wofanana ndi woyamba, naye n'kuima pamzere. Lipoti litatha, onse awiri analowa.

MyISAM sitseka mzere umodzi, imatseka tebulo lonse. SELECT akamawerenga tebulo, wofuna kusintha kanthu mmenemo amadikira mpaka wowerengayo amalize. Pali chifundo chimodzi chokha: ngati fayilo ya tebulolo ilibe mabowo pakati, MyISAM imalola INSERT kuonjezera mzere kumapeto ngakhale wina akuwerenga. Mabowowo amabwera mizere ikafufutidwa. Ndiye miyezi inayi m'mbuyomo, amanijala anapempha mnyamata wa ku Joni uja kuti aike batani lochotsera lisiti lolakwika, ndipo iye analilemba ndi DELETE. Kumapeto kwa mwezi, pamene anthu achuluka, ndi pamenenso kashiya amalakwitsa n'kuchotsa malisiti. Kudumpha kwa manambala kumene bodi inkakuona ngati umboni wa kuba kunkachokera pa batani limeneli. Pa nthawi yomweyonso bodi inayamba kufuna lipoti la ngongole tsiku la malipiro lomwelo, pamene kale akauntanti ankalitulutsa madzulo anthu atapita.

Tsopano mitundu iwiri ija inamveka. Code yolandira ndalama inkachita zinthu zitatu motsatizana: kuwerenga balansi ya membala n'kuisunga mu PHP, kulowetsa mzere mu payments, kenako kulemba balansi yatsopano mu members. Tiyerekeze membala ali ndi K100,000 ndipo wabweretsa K20,000. Ngati mu payments muli bowo, pempho loyamba limawerenga K100,000 n'kuima pa INSERT. Lachiwiri limawerenganso K100,000 yomweyo, poti loyamba silinalembe kanthu, nalonso n'kuima. Lipoti likatha, onse awiri amalowetsa lisiti ndipo onse awiri amalemba K120,000. Malisiti awiri, balansi yolondola, kashiya waperewera K20,000. Koma ngati bowo palibe, INSERT woyamba amadutsa, chimene chimaima ndi UPDATE, chifukwa lipotilo linkawerenganso members. MyISAM imaika olemba patsogolo pa owerenga atsopano, choncho pempho lachiwiri silingawerenge balansi mpaka UPDATE woyamba atatha. Likamawerenga limapeza K120,000, n'kuonjezera, kukhala K140,000. Madzulo a tsikulo ndinayesa zonse ziwiri pa kope la pa laputopu, poyamba nditafufuta mzere umodzi, kenako nditachita OPTIMIZE TABLE kuti mabowo atsekeke, ndipo zinatuluka ndendende.

Zinthu ziwiri zinandivutitsa mutu ndisanavomereze zimenezi, ndipo ndikudziwa kuti amene amalemba PHP azifunsa. Choyamba, PHP imatseka fayilo ya session, imene imakumbukira munthu amene walowa, pempho likayamba, moti pempho lachiwiri la munthu yemweyo limayenera kudikira pa session_start() mpaka loyamba lithe. Zikanakhala choncho, mtundu woyamba uja sukanachitika. Nditafufuza ndinapeza session_write_close() pamwamba pa fayilo imene tsamba lililonse linkaitana. Mnyamata wa ku Joni uja anaiika dala kuti akauntanti azitha kutsegula masamba ena lipoti lili mkati, ndipo pa cholinga chimenecho sanalakwe. Chachiwiri, max_execution_time, malire a nthawi imene script imaloledwa kuyenda, inali pa masekondi 30, nanga script inkakhala bwanji moyo kupitirira mphindi? Pa Linux nthawi imene PHP ikudikira database siwerengedwa pa masekondi amenewo. Ndiponso PHP sizindikira kuti browser yachoka mpaka itayesa kuitumizira kanthu. Kashiya akadina F5, kwa iye pempho loyamba lafa, koma pa seva lili moyo, likungodikira nthawi yake.

Zimene ndinasintha, ndi chifukwa chake

Lipoti lija linkachedwa pa chifukwa chodziwika. EXPLAIN inasonyeza type ALL ndi key NULL pa payments: pa membala aliyense MySQL inkawerenga tebulo lonse kuyambira mzere woyamba, poti member_id inalibe index, mlozo wothandiza kupeza mizere msanga. Nditaika index, lipoti limene linkatenga mphindi yoposa imodzi linayamba kutuluka munthu asanachotse dzanja pa mbewa. Amanijala anasangalala, n'kunena kuti basi tathana nazo. Ndinakana, chifukwa ndinali nditapsa kale ndi batani lija. Index inachotsa chimene chinkachedwetsa tsamba mwezi umenewo, koma mawa likhoza kuchedwa pa chifukwa china. Magetsi akathima rauta n'kuzima pamene seva yalemba kale koma yankho silinafike, kashiya adzalembanso, ndipo adzakhala akuchita zoyenera.

Loweruka usiku, nditatenga kope lina n'kuyesa kulibwezeretsa pa laputopu kuti nditsimikize kuti likugwira, ndinasintha matebulo onse ndi ALTER TABLE ... ENGINE=InnoDB. InnoDB yakhala injini imene MySQL imasankha yokha kuyambira pa 5.5 mu 2010, koma matebulo awa anapangidwa ndi fayilo yokopera penapake imene inkatchula MyISAM mwachindunji, ndipo ankangosamuka nayo seva ikasinthidwa. InnoDB imatseka mizere yokhayo imene ikusinthidwa, wowerenga wamba satsekereza wolemba, ndipo ili ndi transaction, njira yomangira malamulo angapo pamodzi kuti achitike onse kapena pasachitike ngakhale limodzi. Pa MyISAM ukhoza kulemba START TRANSACTION ndi ROLLBACK, MySQL osakana, koma zimene zalembedwa sizibwerera, umangolandira chenjezo limene code zambiri siziwerenga n'komwe. Ndinaika INSERT ndi UPDATE mu transaction imodzi, n'kusiya kuwerengera balansi mu PHP. Tsopano ndi UPDATE members SET balance = balance + ? WHERE id = ?, database iwerengere yokha mzerewo uli wotseka.

Izi zinathetsa kusiyana kwa balansi ndi malisiti, koma sizinaletse lisiti kulowa kawiri. Apa ndi pamene ndinaganiza nthawi yaitali.

Akauntanti anati tingoletsa membala mmodzi kulipira ndalama zofanana kawiri patsiku. Sizikanatheka: mphunzitsi amabwera ndi K20,000 ya masheya ndi K20,000 ina yobweza ngongole, kapena amabwera m'mawa n'kubweranso masana atatapa zina ku banki. Njira imene ambiri timaidziwa ndi kuika nambala yobisika mu fomu iliyonse, database n'kukana nambala imene yaiona kale. Imeneyi imagwira munthu akadina kawiri kapena browser ikatumizanso fomu yomweyo. Koma ndinali nditaona ndi maso anga kuti mnyamata wa pakauntala uja amatsegula fomu yatsopano n'kulembanso, ndipo fomu yatsopano imabwera ndi nambala yatsopano. Pankafunika chinthu chimene chimamatirira pa ndalama zenizenizo, osati pa fomu.

Chinthucho chinali pakauntala pomwepo: buku la malisiti a pamanja. Tsamba lililonse lili ndi nambala yodinda, ndipo kashiya salemba malisiti awiri pa ndalama imodzi. Ndinaonjezera malo olembapo nambala imeneyo pamodzi ndi chilembo cha buku lake, n'kuikapo UNIQUE, lamulo loletsa nambala imodzi kulowa kawiri. Kwa amene atumiza pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, kashiya amalemba nambala ya transaction imene imabwera mu SMS. MySQL imalola NULL (malo opanda kanthu) wambiri pansi pa UNIQUE, choncho mizere yakale sinatsekereze kusinthako, ndipo titamaliza kuidzaza ndinaika NOT NULL. Tsopano lisiti likabwera kachiwiri, database imabweza error 1062, Duplicate entry. Code imaigwira n'kuonetsa kashiya uthenga wa m'Chichewa wakuti "Lisiti ili lalowa kale," pamodzi ndi dzina la membala, ndalama ndi nthawi. Uthengawu ndi umene kashiya ankausowa kuyambira pachiyambi. Kashiya woyamba kuuona anati kulemba nambala kukuchedwetsa mzere. N'zoona, kumatenga masekondi angapo, ndipo ndinavomera mtengo umenewo.

Kufunsa kaye ndi SELECT ngati nambalayo ilipo, kenako n'kuchita INSERT, sikukanathandiza. Mapempho awiri obwera pamodzi onse akhoza kufunsa, onse n'kumva kuti palibe, onse n'kulowetsa, monga zinkachitikira ndi balansi. Lamulo loti lisiti lilowe kamodzi liyenera kukhala mu database, pamalo amodzi amene mapempho onse amadutsa.

Zotsalazo zinali zachangu. Malipiro akalowa, seva imatumiza browser ku tsamba la lisiti ndi redirect ya 303, kuti F5 isatumizenso POST. Batani lochotsa lisiti silifufutanso kanthu, limalemba mzere wobweza ndalamazo, wosonyeza amene wabweza ndi chifukwa chake. Pulogalamu inkalowa mu MySQL ngati root, dzina lokhala ndi mphamvu zonse, ndiye ndinaipangira dzina lake lopanda chilolezo cha DELETE pa payments.

Sabata yoyamba ya InnoDB inabwera ndi vuto lake. Posamutsa ndalama pakati pa mamembala awiri panatuluka error 1213, deadlock, pamene mapempho awiri akudikirana osatha, chifukwa tsamba lina linkayamba kutseka wotumiza pamene lina linkayamba ndi wolandira. Ndinakonza kuti onse azitseka motsatira nambala ya membala, yaing'ono poyamba, ndipo 1213 ikabwera code iyesenso transaction yonse. Poti UNIQUE inalipo kale, kuyesanso kunalibe choopsa.

Nkhani ya Ng'oma

Powerenga code ndinapeza china chosakhudzana ndi ndalama zosowazo, koma sindikanachisiya. Pa mndandanda wa mamembala panalibe dzina ngakhale limodzi lokhala ndi kachizindikiro kaja ka m'mwamba, m'dziko limene muli a Ng'oma, a Ng'ambi ndi a M'bwana. Akauntanti anaseka: "Kompyuta yathu imadana ndi maina amenewo. Timangolemba Ngoma." SQL inkalumikizidwa ngati chingwe, dzina la munthu n'kuikidwa pakati pa timakoma, ndiye kachizindikiro ka mu Ng'oma kankatseka mawu pakatikati. MySQL inkabweza error 1064, mysql_query() n'kubweza false, code osayang'ana, fomu n'kungobwerera yopanda kanthu. Ogwira ntchito anazolowera kulemba maina a anthu molakwika kwa zaka, ndipo maina ena sankagwirizananso ndi a pa chiphaso cha unzika.

Aliyense wa ife akudziwa kuti pamene Ng'oma akuswa query, SQL injection, kulowetsa malamulo a database kudzera mu fomu, imalowa pomwepo. Tsamba lolowera linalembedwa mofananamo, ndipo linali pa intaneti poyera. Ndisanayese ndinapempha wapampando kalata yondilola, chifukwa lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaletsa kulowa mu kompyuta ya eni popanda chilolezo, ndipo ntchito imene anandiitanira sinali imeneyo. Ndinalowa ngati manijala popanda pasiwedi, iwo akuonerera. Mu log yomwe inalipo sindinapeze chizindikiro choti wina anachitapo zimenezi, koma ndinawauza kuti logyo inkangosunga masabata ochepa. Ndinasamutsa query zonse kupita ku PDO ndi prepared statement, njira imene imalekanitsa zolemba za munthu ndi lamulo la SQL, n'kuika ERRMODE_EXCEPTION, poti PHP isanafike pa 8.0 PDO inkangokhala chete query ikalephera. Ntchitoyi inkafunika kale, chifukwa mysql_query() anaichotsa mu PHP 7.0, ndipo ndi imene inkamangirira pulogalamuyi pa 5.6, yomwe anasiya kuikonza kumapeto kwa 2018. Matebulo anali a latin1, mmene mulibe chilembo cha ŵ, moti amene analemba Malaŵi ankaona MalaÅµi pamasamba ena. Tinasamukira ku utf8mb4.

Kuyeretsa mabuku

Kupeza mizere yobwereza ndi query n'kosavuta. Kudziwa kuti ndi iti yabodza ndi iti ya munthu amene analipiradi kawiri, query singathe. Amanijala ankafuna ndingofufuta wachiwiri paliponse. Ndinakana, n'kupempha mabuku a kaboni a miyezi yonseyo, membala mmodzi wa komiti yoyang'anira, ndi kashiya woimitsidwa uja, chifukwa zolembazo zinali za dzanja lake.

Anabwera Lachiwiri, n'kukhala pampando wa alendo, chikwama pamiyendo. Ndisanayambe ndinamufunsa ngati anaonapo chachilendo pa kompyuta miyezi imeneyo. "Ndinawauza, bambo. Ndinati akauntanti akatsegula zinthu zawo, kwanga kumaima. Anati ndikufuna pothawira." Anali atanena chiyambi cha vuto lonse mwezi woyamba womwe. Ine ndinatha miyezi iwiri, kuphatikizapo mwezi wa batani lija umene iye anakhala kunyumba osalandira malipiro onse, kuti ndifike pa chimene akanandiuza pafoni tsiku loyamba. Sindinamufunse chifukwa amene anandiitana anandiuza kuti ndi wakuba, ndipo ndinayamba ntchito ngati mboni yawo.

Tinakhala masiku atatu. Iye ankawerenga nambala ya pa kaboni, ine n'kuilowetsa pa mzere wake, wa komiti n'kusainira. Mzere uliwonse wopanda kaboni tinaubweza ndi mzere wotsutsa, osafufuta, kuti owerengera mabuku akadzabwera adzaone zimene zinachitika. Mizere ingapo imene query yanga inaitcha yobwereza inapezeka kuti ili ndi makaboni awiri, malipiro enieni, ndipo ndikanamvera amanijala tikanawadyera ndalama anthu amenewo. Mamembala amene balansi yawo inakwera kawiri analemberedwa makalata. Mmodzi anali atatenga kale ngongole yowerengera pa masheya okwera molakwikawo, ndipo bodi inagwirizana kuti ngongoleyo ipitirire mmene ilili, poti wolakwa sanali iye.

Titamaliza panatsala tsiku limodzi limene ndalama zinkapereweratu popanda lisiti lobwereza. Mu chipindamo munakhala bata. Mayiyo anatsegula buku la sabata imeneyo, n'kuyendetsa chala mpaka pa lisiti la K5,000 limene mu kompyuta linalowa ngati K50,000. Anati, "Apa ndiye ndinalakwitsa ndine," n'kusainira yekha.

Bodi inamubwezera ntchito ndi ndalama zonse zimene inamudula. Anagwira pakauntala miyezi iwiri, kenako anapempha kuti asamukire ku desiki ya ngongole, kumene sagwira ndalama m'manja, ndipo anamulola. Ndinasiya code ikulemba mu log nthawi iliyonse imene 1062 yakana lisiti. Ndimaiyang'ana mwezi ukatha. Masiku a malipiro mizereyo imapezekamo ndithu, makamaka masana a tsiku limene magetsi anathima, iliyonse ndi nambala ya lisiti limene likanalowa kawiri. Rauta ija ikadali pawindo pomwe paja.